Ndinasesa Pakhomo pa Eni

Muro, Mallorca
19 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likukuvutanibe mukamakwera masitepe a kutchalitchi? Achimwene a Eusebio anandiuza kuti mukukana ndodo, akuti ndodo ndi ya nkhalamba. Amayi inu, ndi zaka zanuzo mukufuna nkhalamba akhale ndani? Ine kuno ndili bwino kupatula msana, koma munthu woyala mabedi makumi awiri pa tsiku safunsidwa za msana.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe Lamlungu lililonse timalankhulana pafoni. Pafoni mwana wanga Candela amakhala atakukanirirani, makutu ali tcheru, ndipo nkhani ndili nayoyi sindikufuna aimve mwangozi. Muwerenge iye atapita kosewera.

Mukudziwa kuti chibwerereni pachilumba pano zaka zitatu zapitazo, mtima wanga uli pa chinthu chimodzi, kupeza khomo loti ndikhalepo ndi mwana wanga. Kusukulu amafuna dzina la mwana likhale m'kaundula wa khonsolo, ndipo kukhonsolo amafuna mwininyumba avomere kuti ukukhaladi m'nyumba mwake. Mwezi watha kusukulu anandiuza kuti malo a Sepitembala atsala ochepa. Ndikanachedwa, chikanatha chaka china Candela ali kutali nane.

Nyumba ya m'mbali mwa nyanja ija ndinkakutumizirani zithunzi mu Novembala ndinatulukamo. Sindinakuuzeni, manyazi. Ndinangoona mtengo wotsika ndi zenera loyang'ana kumadzi, basi mutu unaima. Safunsa anadya phula. Nyumba za kugombe amatipatsa ife antchito m'miyezi yozizira yokha. Meyi akangotha, longedzani, kukubwera Ajeremani olipira pa sabata. Ndiye chinyezi chakecho! Nsapato zanga zija za pa ukwati wa Eusebio zinachita kumera nguwi m'kabati.

Nditatuluka ndinakagona m'chipinda cha antchito kuseri kwa kochapira zovala kuhotela. Tinalimo anayi, ndipo ana saloledwa ngakhale kusuzumira. Maite, mnzanga wa ku Murcia amene timayala limodzi mabedi, amagona m'vani yake pafupi ndi gombe. Anandiuza kuti nanenso ndigule yanga, akuti ubwino wake anansi akakutopetsa umangoliza injini. Ndinaseka naye, koma mumtima munali zina. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri azilembera homuweki pachiwongolero?

Choncho ndinasiya zoyang'ana kugombe n'kuyamba kufunsa m'midzi ya kumtunda. Maite anandiseka koopsa. Akuti iwe Nieves ndiwe wodabwitsa, kuwoloka nyanja yonseyi kudzakhala komwe madzi saoneka, bwanji sunangotsala kwanu ku Badajoz ndi nkhosa. Ndinamuyankha kuti nyanja ndimaiona m'mazenera makumi awiri tsiku lililonse, nsanza ili m'manja, ndipo yandikwana.

Lachiwiri la sabata yatha linali tsiku langa lopuma. Ndinakwera basi kubwera kuno ku Muro kudzaona nyumba ya bambo ena dzina lawo a Tomeu. Tinapangana teni koloko, ine hafu naini ndinali nditafika kale. Kamsewu kake n'kopapatiza ngati kathu. Makomo ena anali oseseka bwino, owazidwa madzi, koma pakhomo la nyumba ndinadzerayo panali masamba, zotsalira za ndudu ndi mapepala a ayisikilimu. Manja anayamba kundiyabwa. Munandilera chonchi ndinu, musakane.

Pakhomo loyandikana nalo panali tsache atalitsamiritsa kuseri kwa mphika wa maluwa. Ndinalitenga, ndikuti ndibweza mwini wake asanadziwe. Ndinasesa bwinobwino pa a Tomeu. Kenaka ndinaona timasamba tiwiri titatu pakhomo la mwini tsache uja, ndipo ndinangopitiriza.

Amayi, ndikudziwa. Musachite kugwira pakamwa. Ndikudziwa kuti pakhomo pa mnzako umasesa akadwala kapena pakagwa maliro basi. Koma zaka zitatu za kuhotela zandiononga. Ndikaona fumbi sindifunsanso kuti ndi la yani.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Panatuluka gogo wamfupi, wa diresi yakuda ndi masilipasi, zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Anayamba kundikalipira m'chilankhulo cha pachilumba pano, koma ataona kuti zina zikundidutsa anasinthira m'chathu kuti pasatayike liwu ngakhale limodzi.

"Kodi mtsikana iwe, ndafa ine? Wamva belu la maliro? Nanga bwanji ukundisesera, ndi tsache langa lomwe?"

Ndinati pepani agogo, koma ndani akumve. Akuti pakhomopo asesa okha zaka makumi asanu ndi limodzi, ngakhale m'mawa wotsatira tsiku lomwe anaika amuna awo sanalole munthu. Akuti tsopano msewu wonse uyamba kubwera ndi msuzi wa nkhuku kudzawazonda. Sankanamanso, chifukwa kutsidya kwa msewu zenera linali litatseguka kale. Anandilanda tsachelo n'kusesanso pomwe ndinasesa kale, pang'onopang'ono, kuti wa pazenera uja aone bwino. Ine ndinangoti chilili, nkhope ili moto.

A Tomeu anabwera mochedwa, fungulo zili m'manja, foni ili kukhutu. Nyumba ndi yabwino, sindinganame. Koma nditafunsa za chilimwe, poti tsopano ndinaphunzira kufunsa, anati Julayi ndi Ogasiti ndizikaona kwina, ndizibwerera alendo akachoka. Nditatchula za kaundula anaseka, akuti zimenezo iwalani mayi. Anakhoma nyumba yawo n'kumapita.

Iyi inali nyumba yachisanu ndi chinayi.  Ndinakhala pansi pakhomo lomwe ndinasesa lija n'kuyamba kulira ngati mwana, pamsewu, masanasana.

Gogo uja anali asanalowe. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati ngati ndikufuna kuwazanso madzi pakhomo la a Tomeu ndipite ndikatunge, misozi siikwana. Akuti msewu waona zokwanira tsiku limodzi, ngati n'kulira ndikalirire m'nyumba.

Dzina lawo ndi a Coloma. Anandikhazika kukhitchini, n'kundipatsa khofi ndi buledi wopaka tomato ndi mafuta a maolivi. Kenaka mafunso, ngati kupolisi. Kwanu n'kuti, ndiwe mwana wa yani, mwamuna ali kuti. Nditati mwamuna anapita mwana ali wakhanda, anati bola, masokosi ochapa achepa. Nditatchula Candela anafunsa kuti akumulera ndani. Ndinawauza za inu, kuti mumamuluka tsitsi m'mawa uliwonse, mumamuperekeza kusukulu ndi bondo lanulo, ndiponso kuti nthawi ija anadwala chifuwa munagona pampando kuchipatala ku Zafra masiku anayi osandiuza kuti ndisataye ntchito. Anangoyamba kupukuta tebulo loyera kale.

Kenaka anandiuza kuti mumsewu mwawomo muli makomo khumi ndi anayi, koma nthawi yozizira utsi umatuluka m'nyumba zisanu zokha. Zinazo anazipachika timabokosi ta fungulo, anthu amabwera akukoka masutikesi, kugona masiku asanu, kuchoka osapereka moni. Mwana wawo Biel, amene amakhala ku Palma, akufuna zipinda zam'mwamba azipereke kwa alendo omwewo. Iwo anamuuza kuti adikire kaye afe.

Ananditengera kumwambako. Zipinda ziwiri, kakhitchini, ndi zenera loyang'ana kuseri komwe kuli mtengo wa mandimu ndi khola la nkhuku. Nyanja kulibe, ngakhale mutakwera padenga. Makoma ndi ouma gwa, ndinachita kuwagwira ndi manja. Anatchula mtengo woti ndingakwanitse. Anandipatsa malamulo atatu. Zovala sindiyanika kumsewu. Mwana azipereka moni kwa aliyense. Ndipo gawo langa la pakhomo likuthera pa mphika wa maluwa, ndikadzangodutsa ndi tsache ndizilongedza.

Ndinawafunsa kuti chifukwa chiyani ine, munthu woti ndawachititsa manyazi. Anati munthu woba tsache kuti asese ndi chitsiru, koma chitsiru chotero sanachione mumsewu muno zaka khumi.

Madzulo ake Biel anaimba foni, ndipo mawu ake ankamveka mpaka pamasitepe. Amvekere mwamudziwa liti munthu ameneyu, mwana azidzakusokoserani, mukutaya mwayi. Mtima wanga unali m'mwamba, Amayi, chifukwa pepala linali lisanasainidwe. Gogo anamusiya alankhule mpaka atope, kenaka anamufunsa kuti anabwera liti komaliza kudzadya nawo. 

Lachisanu anavala ndolo, kutenga kachikwama kawo kakuda, n'kundiperekeza okha kukhonsolo. Mayi wolemba m'kaundula atafunsa ngati ndine wachibale wawo, anayankha kuti ayi, ndi wakuba tsache. Anthu onse pamzere anaseka. Koma anasaina, Amayi. Ndinaona ndi maso angawa mayina awiri akulembedwa pa khomo limodzi, langa ndi la Candela. Lolemba ndinathamangira kusukulu ndi pepalalo, ndipo malo amupatsa. Sukuluyo ili pafupi, belu lake limamveka ndili kukhitchini. Ayamba sabata yachiwiri ya Sepitembala.

Tsiku limenelo ndinalowa m'tchalitchi kukayatsa kandulo. Ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza a Coloma, koma dzina lomwe linkangobwerabwera pakamwa ndi lanu. Munalandira mwana wa zaka zinayi wolira usiku ndi usana, simunandiwerengere ngakhale tsiku limodzi. Akuwerenga, akudziwa kupemphera, akudya nyemba zomwe kwa ine ankalavula. Zonsezi ndi inu. Zikomo, Amayi. Liwuli ndi laling'ono koma lina ndilibe.

Tsopano pempho langa. Ndikubwera kumapeto kwa Ogasiti kudzamutenga. Ndikudziwa chomwe ndikukuchitani. Chimwalirireni atate, phokoso lokhalo la m'nyumbamo ndi iyeyo, ndipo ine ndikudzalichotsa. Sindikuleka kuganiza za mbale imodzi patebulo lija.

Koma chomwe ndikupempha n'choposa pamenepo. Mumuuze ndinu. Ine kwa Candela ndine mayi wa pafoni, wobwera pa Khirisimasi ndi zidole. Akagwa amaitana inu. Akamva kwa ine kuti akusamuka, adzaganiza kuti ndikumuba, ndipo adzakwera ndege akuyang'ana kumbuyo. Koma inu mukamukhazika pamiyendo n'kumuuza kuti pita kwa amayi ako, n'kwabwino, ine ndavomera, adzakhulupirira. Ndikukupemphani kuti munene mawu omwe akupwetekeni kuposa wina aliyense, ndipo muwanene mukumwetulira. Ndilibe ufulu wopempha zimenezi, koma palibenso wina amene angathe.

Musafulumire kundiyankha. Lamlungu ndikaimba tidzangokamba za nkhuyu ndi kutentha, mpaka tsiku lomwe inu mudzaiyambe nokha.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Eusebio ndi alamu anga a Charo, muwauze kuti kuyambira Sepitembala Lamlungu lililonse azidzadya kwanu, asachite kudikira kuitanidwa. Moni kwa azakhali a Petra ndi amalume a Fulgencio, ndi kwa anansi onse a mumsewu mwathu. A Coloma akuti ndikupatseni moni, akuti ine munandilera bwino, kungoti manja anga ndi aatali. Candela mumupsompsone pamphumi, osamuuza kuti n'zochokera kwa ine.

Mulungu akusungeni, Amayi.

Ndine mwana wanu, amene munamulerera mwana ndipo akubwera kudzakulandani,

Nieves