Mazira a Tiwonge

Okondedwa achimwene,

Monire. Kuno ku Katawa tili bwino, bondo lokha ndilo likundivuta. Kaya inu ndi alamu?

Mdzukulu wanga Tiwonge wapeza thandizo la kafukufuku wake wa momwe mwanapiye amaumbikira m'dzira. Opereka ndalama anamukana kanayi. A bayoloje ankati ntchitoyo ndi ya a kemisitiri, a kemisitiri n'kumubweza kwa a bayoloje. Podikira, nkhuku zanga zinapereka mazira 163 a kafukufukuyo, ndipo lililonse ndinkalilemba tsiku ndi pensulo. Lachiwiri lapitali mbali ziwirizo zinakhala pamodzi, zinaona zimene wapeza, n'kuvomera kumulipirira zaka zitatu.

Choncho ntchito ya m'sitolo munamupezera ku Joni ija patsani wina. Yewo chomene, koma mwanayu sabwera.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
NyaMhango