Kugogoda Katatu

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala atibweza ndi mapiritsi omwe aja. Adokotala akuti fumbi la mu mgodi linauma m'mapapo mwa abambo ngati simenti, silingachapike. Ine ntchito yanga ndi yochapa nsalu za pa hotela, ndiye mawuwo ndawamvetsa bwino. Achimwene ndawaimbira, akuti limba mtima mlongo wanga. Kulimba mtima kwa pa foni angakulephere ndani?

Kuntchito ndatenga buku limene mlendo wina anaiwala m'chipinda, latha chaka m'kabati ya zotayika. La Chingerezi, lakalekale, chikuto chakumbuyo kulibe. Amuna anayi akulowa m'phanga kukafuna dziko la pansi pa dziko. Ndiziwawerengera abambo ndikaweruka, uku ndikumasulira, kusiyana n'kumangomvetsera chifuwa chawo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndaziputa dala. Munthu wagwira ntchito pansi pa nthaka zaka 26, iwe n'kumamuwerengera za pansi pa nthaka. Tsamba lililonse mlandu. Akuti wolembayu sanatsikepo ngakhale m'chitsime. Anthu anayi nyali ziwiri? Madzi kumangomwa osayeza? Ndati abambo, iyi ndi nthano chabe. Akuti nthano isamaphe anthu mopusa. Aseka mpaka kutsokomola, ine kuthamangira beseni.

Ine zondikoka ndi zodabwitsazo: mtsinje wotentha, miyala yowala yokha, nsomba zopanda maso. Iwo alibe nazo ntchito. Amangofunsa kuti ali kumbuyo kwa mzere ndani.

Lachinayi, 6 Malichi

Mawu atatu ndawasowa mu dikishonale, ndangolumpha. Sanadziwe.

Loweruka, 8 Malichi

M'bukumu denga la phanga lagumuka. Wophika wa gululi, amene amayenda kumbuyo, watsekeredwa yekha mumdima, akufuula mayina a anzake. Abambo akwiya ngati akumuona. Akuti chitsiru, kufuula kumangotha mpweya, thanthwe silimva mawu. Umagogoda katatu, pa chitsulo kapena pa mwala, kenako umakhala chete kumvetsera. Kugogoda aliyense amatha, chovuta ndi kudikira.

Atatero anayang'ana chithunzi cha abambo aang'ono chili pakhoma chija. Ine chikhalire ndimangodziwa kuti anamwalira kuntchito, basi. Lero ndamva zonse, mawu awiri, kupuma, mawu awiri. Mng'ono wawoyo anatsekeredwa chimodzimodzi. Anagogoda pa paipi ya madzi masiku awiri, abambo akuyankha ndi sipanala mbali inayi. Tsiku lachitatu akuluakulu a mgodi anati denga lonse likugwa, aliyense akwere.

"Ndinakwera akugogodabe," anatero.

Ndawafunditsa bulangete. Akuti mawa tipitirize, akufuna amve ngati atatu aja am'bwerere wophikayo.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinati ndisuzumire kumapeto, ndidziwiretu. Mayo ine. Buku lathera pa tsamba 212, pakati pa chiganizo, atatu aja akukangana kuti abwerere kapena akwere. Masamba otsatira anathothoka kalekale. Amene anayatsira mbaula masamba amenewo, dzanja lake limuyabwe mpaka kale.

Abambo sindinawauze. Ndawerenga masamba anayi okha, ndanamizira mutu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kulaibulale alibe. Ndapita kwa a Magalasi, ogulitsa mabuku akale pafupi ndi siteji ya basi. Alitembenuza uku ndi uku, akuti analionapo, afunsa anzawo, koma ndisawerengere. Sindikuwerengera kanthu masiku ano.

Mawu a abambo akutha. Ndawapatsa supuni kuti azimenya pa chitsulo cha bedi. Kamodzi ndi madzi, kawiri ndi beseni. Katatu anaika okha, ndiye kuti "ulipo?" Ine ndimayankha katatu pa mpopi wa kukhitchini, iwo n'kugona. Masana ndikakhala kuntchito amawazonda ndi aneba, mayi a khomo loyandikana nafe, nthawi ya nkhomaliro.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndakoka, ndakoka, masamba atha. Nditafika pa 212 ndinangopitiriza za m'mutu, maso ali pa buku. Ndinati atatuwo anabwerera, anakumba ndi manja, anam'tulutsa wophika, onse anakwera mpaka kunja, iye n'kuyang'ana dzuwa akuseka. Ndinaikamo ndi mbalame zomwe. Ndimayesa ndakhoza.

Anandikodola ndi chala, ndinaika khutu pakamwa pawo.

"Sunatembenuze tsamba."

Atapuma anawonjeza kuti munthu wochoka mumdima wa masiku amam'manga nsalu m'maso, sayang'ana dzuwa.

"Usandinamize, mwananga. Kapeze lenileni."

Manyazi andigwira ngati mwana wopezeka ndi shuga kukamwa. Kenako mkwiyo. Ndimachapa mashiti a bedi makumi anayi pa tsiku, ndibwere ndichape awo, ndipeke ndi nthano yomwe, n'kundikaniranso. Ndalira kubafa, mpopi uli chotsegula kuti asamve.

Loweruka, 15 Malichi

Sanadye. Madzi masupuni asanu. Achimwene akuti abwera kutha kwa mwezi. Kwa a Magalasi kulibe.

Lolemba, 17 Malichi

Ndilembe, mwina mutu uima.

A Magalasi analipeza. Ndinaweruka msanga, 3 koloko ndinali nalo m'manja, lathunthu. Ndinatsegula 212 pomwepo pa benchi ya pa siteji.

Atatu aja anam'bwerera wophikayo. Awiri anafuna kukwera, wachitatu anakhala pansi n'kunena kuti sasuntha mnzake ali moyo kuseri kwa miyala. Enawo anachita manyazi, anakumba, anam'peza. Masamba atatu okha, denga silinagwenso, palibe anafa. Wolembayo anaika mawu okoma kwambiri onena za munthu amene sasiya mnzake.

Nthawi yonseyi ndimayesa ndi buku la nsomba zopanda maso. Abambo analimva tsiku loyamba lomwe. Tsono ndikawawerengere bwanji zimenezi, munthu amene anakwera? Ndikanama andigwira, ndikanena zoona ndiwalasa. Basi yoyamba inabwera, ndinaisiya. Yachiwiri ndinaisiyanso. Ndinakhala pa benchi ija buku lili pamiyendo, kufunafuna mawu ofewa omasulirira, osawapeza. Ndinakwera ya 5 koloko.

Nditalowa m'nyumba ndinagogoda katatu pa mpopi monga mwa masiku onse. Ndinadikira. Ndinagogodanso, n'kudikira nthawi yaitali, mmene anandiphunzitsira. Kuchipinda ndinapeza supuni ili pansi, dzanja lawo likulendewera m'mbali mwa bedi, litayamba kale kuzizira.

Aneba anabwera atamva kulira. Anawatseka maso, anandigwira paphewa. Akuti masana anawasiya ali bwinobwino, atamwako ndi madzi. Ali pakhomo potuluka kukaitana anthu, anatembenuka.

"Kunkamveka kugogoda cha m'ma 4 koloko, katatukatatu, kwa nthawi ndithu. Ine ndimayesa mwabwera, mukukhoma msomali."

Buku lili m'chikwama, sindinalitulutse.