Nkhope ya Amayi Yachoka pa Chithunzi

Amayi a ana,

Musandifunefune, ndathamangira kwa ojambula zithunzi. Ndapalamula.

Masabata onsewa ndakhala ndikukunamizani kuti ndikuphunzira kupenta maluwa. Zoona zake, ndimapenta nkhope ya malemu amayi anu kuti ndidzakudzidzimutseni nayo, ndipo ndimasangalala ngati mwana. Chithunzi chawo chija ndinachitenga m'kabati kuti ndizionera. M'mawa uno penti wofiira wadontherapo. Ndapukuta ndi kansalu konyowa ndi mafuta otsukira maburashi, basi nkhope yonse yachoka. Pangotsala mpango ndi khutu limodzi. Ndikudziwa kuti china palibe. Mwina ojambulawo achitapo kanthu, koma mtima ukundiuza kuti ndikungovutitsa miyendo.

Tsegulani mawindo, fungo lachuluka. Chimene ndapentacho ndachiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Musachigwire, penti wamafuta amachedwa kuuma. Mphunoyo musaiseke, ndaibwereza kanayi.

Pepani, pepani ndithu. Ndikabwera mundikalipire mpaka mutope. Mukatero mudzakhale pambali panga, mundiuze mmene maso awo ankaonekera, poti ine ndayamba kale kuiwala.

Ndine bambo a ana