Kandulo ya Goloboyi

MEDHAT ndi SAFAA

15:12 Safaa: mwagula mtedza ndi maswiti aja? mayi anu akuti timatumba ta alendo a mawa pa mwambo wopatsa khandali dzina sitinakwane

15:14 Medhat: ndagula. makandulo ndasiya kwa achemwali Nahed mmawa

15:15 Medhat: koma Safaa tamvera. lero ndi ma award a mpira. Wagih akawina player of the year, za makandulo tingozisiya. mwana akhale Wagih basi

15:19 Safaa: tinagwirizana kale. makandulo atatu, maina atatu. imene izime pomaliza ndiye dzina la mwana. inu Wagih, mayi anu Yehia, ine Abdelhamid, dzina la bambo anga

15:21 Medhat: [voice 0:41] iwe sukumvetsa. munthu ameneyu wakhala pagolo kuyambira ndili pa sukulu. chala chinathyoka, anachimanga ndi tape nkumaliza game. chaka chilichonse amamuika mu top 3, chaka chilichonse amapatsa wogoletsa zigoli. kodi amene amaletsa zigoli si munthu? dziko likamuiwala, ine nyumba yanga isamuiwale

15:30 Safaa: bambo anga anamwalira asanadziwe nkomwe kuti ndili ndi pakati. nawo sindifuna aiwalike

15:31 Medhat: ndikudziwa

15:31 Medhat: nde makandulo aweruze, fair

MEDHAT ndi NAHED

16:48 Nahed: iwe. makandulo awa wagula kuti?

16:50 Medhat: pa shop ya pakona. bwanji

16:50 Nahed: awiri ngati mapensulo. imodzi ngati mwendo wa tebulo

16:52 Medhat: ofanana anatha

16:53 Nahed: anatha eti. nanga W amene walembedwa pansi pa yonenepayi analemba ndi a factory?

16:59 Nahed: Medhat

17:06 Medhat: achemwali plz musapange nkhani. ndili ku tiyirumu kwa Am Gaber, mpando wapafupi ndi tv ndaupeza movutikira

17:08 Nahed: ine sindipanga nkhani. mkazi wako waitembenuza, wawerenga W yako, waiika yekha pa thireyi pambali pa mtsuko

17:09 Medhat: wakwiya?

17:09 Nahed: bola akanakwiya

17:34 Nahed: mayi apemphera, tayatsa onse atatu

17:35 Medhat: ok. kuno akungovina kaye, ma speech ambirimbiri

18:40 Medhat: best coach apatsa uja analuza final kkkk anthu awa

18:57 Nahed: ya Yehia yazima. mayi akuti ndi diso loipa la aneba, akufukiza lubani nyumba yonse

18:58 Medhat: kkkk

19:16 Medhat: yafika. player of the year. Wagih wavala suit ya grey, manja akukanika kulowa mmatumba

19:21 Medhat: mxm

19:21 Medhat: apatsa kamnyamata kena kosewera ku Ulaya

19:24 Medhat: [voice 1:07] achemwali izi ndi zokonza kale. amavota ndani? atolankhani oonera ma highlights pa foni. sanakhalepo mu stadium mvula ikugwa. dzina analemba mu envelope kalekale, enawo amangowaitana kuti avale suit adzaombe mmanja. ndipo waomba mmanja, akumwetulira. camera yamuonetsa pangono nkumuchoka. Am Gaber wazimitsa sound, palibe akufuna tiyi. ine zandiwawa, sindinama

19:27 Nahed: pepa mwana wa mayi

19:28 Nahed: zimawawadi kukhala pampando ukudziwa kuti wopambana analembedwa kale, koma ukumwetulira kuti usaononge mwambo

19:28 Medhat: exactly

19:29 Nahed: ndakhala naye pafupi munthu wotero pano. akuyamwitsa mwana wako

19:30 Nahed: uli pompo?

19:44 Medhat: ya Abdelhamid yatsala bwanji

19:45 Nahed: ngati kachala ka mwanayu. yako ikhoza kuyaka mpaka Eid

19:45 Medhat: Safaa akuiyangana?

19:46 Nahed: waifulatira. wafunsa mayi ngati Wagih amalemba ndi h kumapeto, akuti kuti mawa asalakwitse pa keke

19:52 Medhat: zimitsani yangayo

19:52 Nahed: ati?

19:53 Medhat: ya Wagih. muzimitse isanathe inayo

19:53 Nahed: kumeneko si kubera?

19:54 Medhat: ndinayamba kale kubera ndine. malizitsani

19:55 Nahed: mayi akhala pamenepo ngati referee, maso pa thireyi. ya Yehia itazima akuti palibenso wosuntha

19:55 Medhat: atumeni kukhitchini. nenani kuti moghat wa Safaa, chakumwa cha oyamwitsa chija, akupserera

19:56 Nahed: ndaphika ndine, sapserera

19:56 Medhat: achemwali chonde. ndidzakutengerani ana ku sukulu term yonse

19:57 Nahed: nanga goloboyi wako? dziko lamuiwala, nawe umuiwale?

19:59 Medhat: iye anazolowera. adzayesanso chaka cha mawa. Safaa bambo ake ndi amodzi

20:00 Medhat: fulumirani

20:03 Medhat: ??

20:07 Medhat: achemwali

20:11 Medhat: missed call

MEDHAT ndi SAFAA

20:16 Safaa: pepani za Wagih wanu, ndamva kuti sanawine

20:17 Medhat: zimachitika. kumeneko zikuyenda bwanji

20:19 Safaa: alamu anga agwidwa ndi chimfine mwadzidzidzi. adzuka pa sofa, ayenda mpaka pa thireyi, awerama, nkuyetsemula pa kandulo imodzi yokha

20:19 Safaa: kawiri. koyamba sinazime

20:20 Medhat: Mulungu awachize

20:21 Safaa: mayi anu akuti tiyatsenso. alamu akuti malamulo salola, machesi nawo asowa

20:22 Medhat: malamulo ndi malamulo. inayo ikuyakabe?

20:24 Safaa: [chithunzi]

20:24 Safaa: yatsala chingwe chokha. koma ikuyaka

20:25 Medhat: ndaona

20:31 Safaa: bambo a Abdelhamid, pobwera mugule matewera