Apongozi Anga Akusenda Mabatire Kuti Awale

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kuyambira ndili mtsikana kwa makolo anga, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakulemberani za mabatire. Musandiseke.

Ndine mtengwa m'nyumba ya Ustadi Siraj Din (Ustadi ndi dzina laulemu la mmisiri wamkulu), bambo a mwamuna wanga. Mwamuna wangayo, Waqas, amagwira ntchito ku Muscat, kunja kwa dziko lino, ndipo amabwera kamodzi pachaka, choncho pakhomo tilipo ine, ana athu awiri aakazi ndi apongozi angawo. Iwo anasula miphika, mbale ndi mitsuko ya mkuwa kwa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo mpaka lero sangadutse chitsulo chothimbirira osachipukuta. Loko wa pageti pathu amawala kuposa ndolo zanga.

Zaka zonsezo ankasutanso huka, fodya wathu uja wokokera m'madzi. Chaka chatha adokotala anawauza mosabisa kuti chifuwa chawo sichingapirirenso utsi. Waqas atabwera anawagulira fodya wamagetsi wotulutsa nthunzi, mabatire anayi ochotseka ndi chaja yake. Tonse tinkati sapitirira sabata. Lero yakwana miyezi khumi huka ili pamwamba pa kabati, yopukutidwa bwino koma yozizira, ndipo chifuwa cha m'mawa chija chinachepa kwambiri.

Vuto linayamba mwezi watha. Pulasitiki yobiriwira yokuta batire limodzi inang'ambika pang'ono. Iwo anatenga kampeni n'kuisenda yonse, ndipo ataona chitsulo choyera pansi pake anandiitana ngati apeza ndalama m'malaya akale. Anati, "Taona, mwana wanga. Chitsulo chabwino chonchi anachiveka nsanza. Anthu a masiku ano alibe manyazi." Analikwecha ndi ndimu ndi phulusa mpaka linayamba kuwala ngati galasi. M'mawa mwake anasenda lachiwiri.

Tsiku lina masana, kukutentha moti ngakhale akhwangwala anali chete, anaika chaja pabedi lawo la zingwe, pamwamba pa chofunda cha thonje, kuti mabatire azidzaza iwo akugona tulo ta masana. Akulowetsa batire limodzi losendalo ndinaona moto ukuthetheka kumutu kwake. Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi moto umenewo ndi wabwinobwino?" Anandiyankha osatembenuka n'komwe: "Ine ndi moto tinakulira limodzi. Umandidziwa, ndimaudziwa. Pita ukaone mphodza zako zingapserere."

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Tsopano akusula kabokosi ka mkuwa kokhala ndi zipinda zinayi, chilichonse chokwana batire ndendende, ndi chivindikiro cha mkuwa chogoba maluwa. Aphungu, kabokosiko n'kokongola, ndipo chipumireni pantchito sindinawaonepo akusangalala chonchi. Amaimba akamakhoma. Mnzawo wakale, a Boota, amene ankasula moyandikana nawo, anabwera kudzaona n'kunena kuti, "Siraj, wakalamba ndithu. Kale unkasula miphika yophikira ukwati wa anthu mazana atatu, lero ukumangira nyumba mabatire?" Apongozi anga anati, "Khala chete iwe. Mphika wako womaliza unkadontha ngati mphuno ya khanda. Ubwere Lachisanu udzaone ntchito." Choncho Lachisanu la sabata yamawa, akachoka kumzikiti, amisiri anzawo akale adzabwera kudzamwa tiyi. Tsiku limenelo akuti adzasenda mabatire awiri otsalawo, n'kuika onse anayi m'kabokosi, kutseka, ndi kukalowetsa m'thumba la malaya anzawo akuona.

Ndinayesapo kubisa mabatire onse m'nkhokwe ya ufa. Anafufuza tsiku lathunthu osandifunsa kanthu, ndipo tsiku lachiwiri anapita kwa a Boota n'kubwerako akununkha huka, akutsokomola. Ndinawabwezera pashelefu mwakachetechete. Nditauza Waqas pafoni anangoti, "Iwe uli nawo pafupi, uwauze." Kuwauza bwanji? Inu mukudziwa kuti mtengwa saphunzitsa apongozi, makamaka za chitsulo.

Kodi mantha angawa ali ndi mutu, kapena ndi a munthu wosadziwa? Ngati ali ndi mutu, ndichite chiyani kuti kabokosiko kasatsekedwe, koma nawonso asabwerere ku huka?

R.W., Gujranwala

Mayi R.W.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamwamba pa makalata ena amene anafika kale, chifukwa Lachisanu silidikira munthu. Sindinakusekeni. Ndinaseka a Boota, amene ndikukhulupirira kuti mphika wawo unkadonthadi.

Mantha anu ali ndi mutu, ndipo mutu wake ndi uwu. Batire lili ndi mbali ziwiri zosayenera kukumana. Anthu ambiri amayesa kuti mbali imodzi ili kumutu, inayo kumatako. Sizili choncho. Kachitsulo kakang'ono ka pamutu ndiko mbali yoyamba. Thupi lonse, kuchokera pansi mpaka m'khosi, ndilo mbali yachiwiri, ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa kuposa njere ya mpunga. Zimene zimasunga mtendere pamenepo ndi pulasitiki imene Ustadi akuitcha nsanza, ndi kamphete kapepala kokhala pansi pake. Moto umene munauona unali chitsulo cha chaja chitakhudza mbali zonse ziwiri kwa kamphindi. Mkuwa nawo ndi msewu umene magetsi amaukonda kuposa ina yambiri. Tsiku limene chivindikiro chija chidzatsikire pamitu ya mabatire, mbali ziwirizo zidzakumana osati kwa kamphindi ayi, koma mpaka kalekale. Batire lotere limatentha msanga kuposa mmene munthu angavulire malaya. Limatha kulavula moto, limatha kuphulika. Ndipo dziwani kuti ngakhale batire lovala bwino siliyenera kulowa m'zipinda za mkuwazo, pakuti mutu ndi pansi pake zimakhala zosakutidwa. Kabokosi kameneko kasatsekedwe ndi batire mkati, Lachisanu kapena tsiku lina lililonse.

Ndinene kamodzi kuti ine sindine bwenzi la fodya wa mtundu uliwonse, wa makala kapena wa magetsi. Nthunziyo si mankhwala, ndipo tsiku lina adokotala awathandize kuisiya nayonso. Koma munthu amene wagonjetsa chizolowezi cha zaka makumi anayi ndi zisanu sitimulanda ndodo ali pakati pa mtsinje.

N'chifukwa chake kubisa mabatire mu ufa kunali kulakwa, ndipo kunali kulakwa kawiri: munawakankhira ku huka, munaikanso moto m'chakudya cha ana anu. Musadzabwerezenso. Za amuna anu ndinena mwachidule. Amene anabweretsa chinthucho m'nyumba ndi iwo, amene ali mwana wa Ustadi ndi iwo, ndipo Muscat si kumwamba. Awaimbire bambo awo sabata ino. Amuna anuwo muwawerengere ndime imeneyi monga ndailembera.

Komabe sindikuyembekeza kuti foni ingasunthe mmisiri. Mmisiri samva chinenero cha mantha, amamva chinenero cha ntchito yake, ndipo chinenero chimenecho chili m'khitchini mwanu momwemo. Mphika uliwonse wa mkuwa umene Ustadi anagulitsa anaupaka mkati kalayi, chitsulo choyera chija chosungunula. Tengani mphika wakale umene kalayi wake anatha, mupite nawo kwa iwo m'mawa atamwa tiyi, muwafunse ngati mungaikemo chambiko. Adzakukalipirani, ndipo mulole. Akatha, muwafunse monga wophunzira kuti, "Bambo, mkuwa wofiira wokongola chonchi, mumauphimbiranji ndi choyera chosawalachi?" Adzakuuzani, mwina kwa theka la ola, kuti mkuwa wamaliseche ukakumana ndi chowawasa umasanduka poizoni, ndi kuti wosula amene amagulitsa mphika wosapaka chifukwa chokonda kuwala ndi chigawenga. Pamenepo munene chiganizo chimodzi chokha: "Ndamva kuti pulasitiki ya pabatire ija ndiyo kalayi wake." Mukatero mutole mphika wanu mubwerere kukhitchini. Musaonjezere kanthu, musadikire kuti avomere inu mukuona. Ichi si chinyengo, pakuti mwawauza choonadi. Mwangochiika m'mbale imene iwo amadyeramo.

Ndikhulupirira kuti adzafika okha pamene mukufuna. Akafika, ntchito yotsala ndi iyi. Mabatire awiri osendawo atha. Batire longong'ambika pulasitiki limatheka kulivekanso kwa ogulitsa odziwa, amene amalikuta yatsopano pamodzi ndi kamphete kake. Koma amene amwa ndimu ndi phulusa sangakhulupirikenso, ngakhale awale chotani. Mugule ena awiri kusitolo yodziwika, osati patebulo la pamsika pamene mabatire otopa amavekedwa malaya atsopano n'kugulitsidwa ngati ana. Ngati fodya wawoyo amalowa mabatire awiri nthawi imodzi, awiriwo akhale ngati banja: ogulidwa limodzi, ogwira ntchito limodzi, otchajidwa limodzi, osasakaniza lakale ndi latsopano.

Chaja ichoke pabedi lero lomwe. Thonje ndi zingwe ndi nkhuni zimene sizinayake chabe. Malo ake ndi pasimenti kapena pamwala, pamthunzi, kutali ndi makatani, ndi mbaula, ndi manja a ana anu. Ikhale chaja yopangira mabatire a mtundu umenewu, yodziwa kuleka yokha akadzaza. Ngakhale zili choncho, nyali yake ikasonyeza kuti adzaza, achotsedwe. Atchaje m'mawa pamene nyumba ili maso, osati pa nthawi ya tulo ta masana, ndiponso osati onse mutapita ku ukwati. Batire lochokera kumene m'fodya liyambe lazizira lisanalowe m'chaja, ndipo polowetsa aone kuti mutu waloza kumene chizindikiro chikuloza. Magetsi akazima, monga amachitira kwathu kuno osatsanzika, zulani chaja kukhoma, chifukwa pobwera amabwera mwaukali. Batire likatentha moti chala sichingapirire, likatupa, likayamba kulira ngati njoka kapena kutulutsa fungo lachilendo, zimitsani magetsi pakhoma ngati mungafikepo osaliyandikira, tulutsani ana, ndipo wina asalitole ndi manja. M'thumba la malaya batire lisalowe lokha pamodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo; nyumba yake ndi kabokosi ka pulasitiki kapena ka rabala kamene ogulitsa amapereka, batire lililonse m'chipinda chakechake.

Tsopano za kuimba kuja, pakuti ndi chinthu chachikulu m'kalata yanu ngakhale munachitchula modutsa. Munthu wokalamba akapezanso ntchito ya manja ake, musamulande. Mukagula kabokosi ka pulasitikiko, kadzakhala konyansa, ndipo Ustadi adzanena choncho. Muwavomereze. Kenako muwafunse ngati kangathe kusulidwira chovala cha mkuwa chokulirapo, choboola maluwa kuti mpweya uzidutsa, chokhala ndi chivindikiro chosakanika, kuti pulasitikiyo izilowamo yotsekedwa kale. Mkuwa kunja, chotetezera mkati: ndi mmene anapangira mphika uliwonse pa moyo wawo. Kabokosi koyambako kasatayidwe. Zipinda zinayi zikwana bwino zokometsera tiyi, ndipo Lachisanu kangathe kuzungulira pakati pa alendo, a Boota n'kuyamikira kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Likafika Lachinayi madzulo iwo asanasinthe maganizo, ulemu usinthe njira. Muime pamaso pawo, osati kuseri, munene kuti, "Bambo, mabatire osendawa ndatenga ine, ndipo awiri enawa sasendedwa. Mundikalipire." Mkwiyo wa apongozi umatha ndi tiyi wachitatu, khungu lopsa silichira ndi kupepesa. Mwambo umene umati mtengwa asaphunzitse apongozi sunanenepo kuti aziwaonerera akupsa.

Chenjezo langa lomaliza likukhudza mabatire akufawo, ndipo ndi chenjezo la m'nyumba ya osula. Ustadi adzafuna kuwaponya m'thumba la zitsulo zakale, kuti wogula zitsulo zakale woyenda pangolo akadutsa awatenge. Zitsulo zimenezo zimathera m'ng'anjo, ndipo pang'anjopo pamaima munthu amene ali ndi ana ngati anu. Asapite kumeneko, asapitenso kudzala kapena pamoto. Matani tepi thupi lonse la batire lililonse pamodzi ndi mutu wake, mulikulunge palokha, mukasiye kwa ogulitsa amene amalandira mabatire akutha.

Mmisiri amene anateteza mimba za anthu mazana atatu ku mkuwa wosapaka sadzakana kuteteza thumba la malaya ake. Loko wa pageti yekhayo asiyeni azimupukuta mmene angafunire, ameneyo sayaka.

Aphungu