Kavalo wa ku Thyolo Asaphedwe

Tafara, Salisbury
14 Ogasiti 1977

Laston mng'ono wanga,

Ndikupatsa moni kuchokera kuno ku Tafara. Kodi phewa lija lasiya kuwawa? Ine ndili bwino, kungoti nyumba yakula chimwalirire mlamu wako Eneles.

Kalata yako yandipeza. Wati kavalo wa pa esiteti amene umakwera Lamulungu wakugwetsa kachiwiri, ndipo bwana wanena kuti amuwombera. Wafunsa ngati kavalo woipa amachira. Ndagwira ntchito m'khola la akavalo zaka makumi awiri, ndipo oipa ndaonapo awiri basi. Wakoyo sali m'gulu limenelo. Walemba wekha kuti umamukalipira ndi kumukwapula akakana kuyenda. Imeneyo si ng'ombe ya pangolo, Laston.

Ndikanabwera kudzakuonetsa ndi manja, koma njira ya ku Tete ndi yotseka ndi nkhondoyi. Choncho werenga bwino.

Sabata yoyamba usamukwere. Uziyenda naye pansi, uli kumanzere kwake pafupi ndi phewa, ukumuyankhula motsitsa mawu. Usamudzere kumbuyo mwakachetechete. Uziona makutu: akagona chakumbuyo, wakwiya kapena pena pakumuwawa. Usanaike chishalo sisita msana wonse ndi chikhatho. Akadzidzimuka, pali chilonda, ndipo mwina n'chimene chakugwetsa. Lamba wa pamimba umange pang'onopang'ono, zala ziwiri zizilowa. Nyamula ziboda zonse uchotse timiyala.

Ukakwera, khala mowongoka, zidendene pansi, maso kumene ukupita. Zingwe si mabuleki a njinga. Kumapeto kwake kuli chitsulo m'kamwa mwa nyama yamoyo. Ukafuna kuima, khala mwamphamvu pachishalo, ufinye zala pang'ono, akangomvera umasule. Akachita thukuta, muyendetse azizire asanamwe madzi ambiri.

Zonsezi ndinamuphunzitsapo Eneles. Tinali tisanasamukire kuno, tikukhala kuseri kwa khola. Lamulungu lina eni ake atapita kutchalitchi, ndinatulutsa kavalo wamkazi wofatsa amene tinkamutcha Shuga. Eneles anandifunsa ngati ndikufuna kumupha kuti ndikwatire Mshona. Anakwerabe, atavala buluku langa mkati mwa chitenje, akundinyoza kuti ndine mfiti. Titazungulira kawiri anandiuza kuti ndichotse dzanja langa, iye si katundu. Atatsika anati tsopano wadziwa chifukwa azungu satipatsa moni panjira, n'kutalika kwa pamwambapo, munthu wapansi umangomuona chipewa. Sanakwerenso, koma mpaka chaka chatha ankandipatsira nyenyeswa za buledi kuti ndikampatse Shuga.

Kuno zinthu zasintha. Amuna achizungu ambiri ali kunkhondo, obwera kudzakwera ndi amayi ndi ana okha. Mabanja ena akuchoka, akavalo akugulitsidwa. Shuga anamukweza lole mu Juni. Sindinafunse kumene amapita.

Pempho langa ndi limodzi. Pita kwa bwana wakoyo, chipewa m'manja, umuuze kuti wolakwa ndiwe, akupatse miyezi iwiri. Ndikudziwa kuti kapitawo ngati iwe sakonda kunena mawu otere pamaso pa anthu ake. Unene ndithu. Manyazi amatha, koma mfuti ikalira palibe chobweza.

M'kalata yako yonse sunatchule dzina la kavaloyo. Akamuwombera, usandilembere za iye, ndidzamva ndi kukhala chete kwako. Akamusiya, undilembere dzina lake.

Undiperekere moni kwa mayi, uwauze kuti ndikudya. Moni kwa mlamu wanga Effie ndi ana, kwa atsibweni a Domingo, ndi kwa apongozi anga ku Luchenza, amene ndikulephera kuwalembera mpaka lero.

Ndine mkulu wako,
Yoramu