Nyemba Ziwiri Zofiira

Lolemba, 3 Juni 2024

Mwera wayamba. Matemba sakuuma, ntchentche zokhazokha pathandala. Kuzizira kotereku ndi kumene kunkamuliza Bashiru wanga, mafupa kuwawa mpaka kuluma nsalu. Akanakhala moyo bwenzi ali Sitandade 3. Mawu a apongozi adakali m'khutu: "Magazi a kwanu ngoipa." Nditangoika mwana, mwamuna wanga Ayuba anakatenga mkazi wachiwiri, Shamila. Wa magazi abwino, ati.

Lachinayi, 6 Juni

Kuchipatala kwabwera anthu a ku Zomba ofufuza za matenda otengera kumtundu. Ndinangopita poti anandiitana. Anesi, a Mercy, anaika mbale ziwiri, ina ya bambo ina ya mayi. M'mbale iliyonse nyemba yoyera ndi yofiira. Kutsinzina, kutola imodzi uku, imodzi uku. Zofiira zikakumana ziwiri, ndiyo sikoselo, nthenda ya Bashiru. Ndinafunsa kawiri. A Mercy anati, "Mayi, yofiira imodzi siidwalitsa mwana. Inayo imachokera kwa bambo."

Zaka zonsezi ndasenza ndekha mtolo wa anthu awiri.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinamuuza Ayuba atachokera kumzikiti. Kuseka. "Ine wopalasa bwato mpaka kuchilumba cha Chisi osapumira, ndikhale ndi nthenda?" Zokayezetsa wakana. Apongozi akuti anthu a ku Zomba andiphunzitsa mwano. Ndakwiya, sindibisa. Pa swala ndapempha Mulungu chinthu chimodzi: aonetseni poyera, aone ndi maso awo kuti si ine ndekha.

Lachiwiri, 25 Juni

Shamila anabwera kudzapempha mchere, mwana wake Sumaiya kumsana. Mwanayo sanayambe n'kukwawa komwe. Kulira kosatonthola. Akuti ndi mano. Ndinamulandira. Timanja totupa, timapazi totupa, m'maso mwachikasu. Manja amenewa ndimawadziwa. Ndinawafunditsapo, ndinawauzirapo mpweya, kenako ndinawasambitsa komaliza.

Ndinangomupatsa mchere.

Lachitatu, 26 Juni

Matemba ndawasiya pathandala, akhwangwala adye. Ndinalawirira kwa Shamila ndi nyemba zinayi m'manja, ndinachita monga anachitira a Mercy. Anatola yekha mpaka zofiira ziwiri zinakumana. Kenako anati, "Akulu, ndiye kuti nanenso azinditi wa magazi oipa?" Ndinangomuuza amufunditse mwana, azimuyamwitsa pafupipafupi. A Mercy akuti ku Zomba mankhwala othandiza alipo, bola kufulumira. Ndi Bashiru tinachedwa.

Ayuba ali kunyanja, sakudziwa. Apongozi anationa tikudutsa, osafunsa.

Ndikulemba pa siteji ya Kachulu, minibasi ya ku Zomba sinadzaze. Sumaiya ali kumsana kwanga, chifukwa ndine ndikudziwa pomugwira posamupweteka. Wagona, mpweya wake wotentha pakhosi panga.

Pemphero lija layankhidwa. Aona ndithu. Koma Mulungu wanga, ine sindinanene kuti pa mwana, sindinanene kuti...